Mamilimita atatu omaliza: mmene onyamula zitsulo amasinthira gripper

Aliyense amene anafinyapo gripper yeniyeni, chida cholimbitsira manja chija cha sipuling'i yokhuthala ndi zigwiriro ziwiri za aluminiyamu, amadziwa pamene pamagona nkhani. Poyamba zigwiriro zimabwera mosavuta, kuyandikana, kuyandikanabe, kenako pakatsala kampata kongokwana ndalama yachitsulo zimangoti nji. Munthu afinye mpaka nkhope kuchita tsinya, kampatako kali pomwepo. Ena amatha chaka chathunthu akulimbana nako, kwinaku chifuwa chikukula, zitsulo za pabenchi zikuwonjezeka, koma dzanja lokha ayi.

Kumene zidazi zimapangidwa, mankhwala a vutoli ndi m'thumba: munthu amaitanitsa gripper ina yofewerapo pang'ono, n'kumakwera sitepe ndi sitepe. Kuno ku Blantyre si choncho. Zopezeka mosavuta m'mashopu a ku Limbe ndi m'tauni ndi zapulasitiki zija zopotokola kumutu, zolembedwa kuti 5 mpaka 60 kg, zimene mnyamata wosenza matumba pamsika amatseka tsiku loyamba lomwelo. Zolimba zenizeni zimachita kubwera ndi munthu wochokera ku Johannesburg kapena ku London, apo ayi kuitanitsa pa intaneti, ndipo nkhani ya madola tonse tikuidziwa. Mu jimu ya kuseri kwa nyumba ku Bangwe kapena ku Chilomoni mukapezamo gripper imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti eni ake anayesetsa. Luso losintha gripper linakulira m'magalaja a ku America, koma kuno ndi kumene lili ndi ntchito kwambiri, chifukwa limatha kutulutsa masitepe anayi kapena asanu m'chida chimodzi.

Magripper olimba amtunduwu anatchuka ndi Warren Tetting, amene anayamba kuwapangira eni magazini ya Iron Man mu 1964. Mu 1990 kampani ya IronMind ya Randall Strossen, ya ku Nevada City ku California, inawabweretsanso pamsika, ndipo mtundu wake ndi umene pano umadziwika kuti Captains of Crush. Alipo 11. Pa mphamvu yofunika potseka, kampaniyo imati Trainer ndi mapaundi 100, No. 1 ndi 140, No. 2 ndi 195, No. 3 ndi 280, ndipo No. 4 ndi 365, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 166. Woyamba kuvomerezedwa kuti watseka No. 3 anali Richard Sorin, mu 1991. No. 4 inadikira mpaka 1998 pamene Joe Kinney wa ku Tennessee anaitseka, ndipo pa anthu owerengeka amene anabwera pambuyo pake pali Magnus Samuelsson wa ku Sweden, amene anapambana mpikisano wa anthu amphamvu wa World's Strongest Man mu 1998.

Koma taonani kutalikirana kwa manambalawo. Kuchoka pa No. 2 kufika pa No. 3 pali mapaundi 85, ndipo palibe munthu amene angawonjezere zotere pa chitsulo chilichonse ulendo umodzi. Kampaniyo inadzatulutsa apakati, 1.5, 2.5 ndi 3.5, koma m'nthawi ya Kinney kunalibe zimenezo. Iye ankadzikonzera yekha zipangizo zophunzirira, ndipo njira zina zimene anthu amagwiritsa ntchito lero zinafala chifukwa cha iye.

Zimene zimalimbitsa gripper

Pali zinthu zitatu, ndipo amene sazisiyanitsa amawononga chida. Choyamba ndi waya wa sipuling'i. Kulimba kwa sipuling'i yopotana chonchi kumakwera mwaliwiro waya akamakhuthala, chifukwa kukhuthalako kumadzichulukitsa kanayi motsatizana. Waya akakhuthala ndi 10 peresenti yokha, sipuling'i imalimba ndi 46 peresenti. N'chifukwa chake waya wa No. 3, wa mamilimita pafupifupi 7.2, ndi wa No. 4, wa pafupifupi 7.9, sasiyana kwenikweni m'maso, koma m'dzanja ndi nkhani ina.

Chachiwiri ndi mtunda wochokera pakati pa sipuling'i kufika pamene dzanja lagwira. Makaniko wa ku Ndirande akakanika kumasula nati wa tayala la lole amaveka paipi pa sipanala, nati uja n'kugonja. Apanso ndi chimodzimodzi. Dzanja likagwira kutali ndi sipuling'i, gripper imafewa. Likagwira pafupi, imalimba.

Chachitatu ndi kutalika kwa ulendo wa zigwiriro. Sipuling'i imakana mowonjezereka pamene ikupindidwa, milimita iliyonse kuwonjezera kake, moti mphamvu yaikulu imafunika kumapeto kwenikweni. Tsoka lake, pamenepo ndi pamene zala zapindika kale ndipo zilibenso pokokera bwino.

Kusintha konse kwanzeru kumakhudza chachiwiri ndi chachitatu. Sipuling'i ndi yosakhudza, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusira, poti tili ndi amisiri oti chilichonse chachitsulo amachitha. Mnyamata amanyamula gripper yomukanika n'kupita nayo kwa owotcherera zitsulo.

"Madala, tangoiwambani pang'ono pa sipuling'ipa, ifeweko."

"Kufewa ifewa, mphwanga, koma ikatsekeka sidzatsegukanso."

Mmisiri woyankha choncho ndi woti muzimupatsa ntchito. Waya wa sipuling'i anaukonza kufakitale mwa njira yapadera kuti uzipindika n'kubwerera, ndipo kutentha kwa madigiri mazana ochepa chabe kumakwana kuwononga khalidwe limenelo, pamene moto wowotcherera umasungunula chitsulo pa madigiri oposa 1,400. Sipuling'i yowambidwa imapindika osabwereranso, kapena imauma pamalo amodzi n'kudzathyoka tsiku lina ili m'dzanja, pafupi ndi nkhope. Kuipala ndi tupa kapena girayinda kuti ichepe n'koopsa chimodzimodzi: kamzere kakang'ono kocheka pa waya ndi pamene mng'alu umayambira, n'kumakula mosaoneka nthawi iliyonse imene mwafinya.

Tupa

Pa njira zonse, imene ndimaiona kuti imabweza thukuta la munthu ndi kupala chigwiriro. Akatswiri a masewerawa amati beyond the range, kapena BTR, kutanthauza kufinya mopitirira pamene gripper imathera. Nzeru yake ndi iyi: pa gripper yosasinthidwa, zigwiriro zikagundana ntchito yatha, ndipo dzanja silinaphunzirepo kukankha kupyola pamenepo. Mukachotsa kachidutswa ka aluminiyamu mkati mwa chigwiriro chimodzi, kumunsi kumene ziwirizo zimakumana, ulendo umatalika. Dzanja limazolowera kuti mapeto ali patsogolo, moti likabwerera pa gripper wamba, malo aja limakanikira amakhala apanjira chabe.

Masamu ake ndi osavuta. Pa magripper ambiri olimba, mpata wa kumunsi kwa zigwiriro umakhala mamilimita 70 kapena kuposerapo pang'ono. Mukapala mamilimita 3, mwatalikitsa ulendo ndi 4 peresenti kapena kuyandikira apo, ndipo mphamvu yofunika potseka yakwera ndi mlingo womwewo. Pa pepala zikuoneka zochepa. M'dzanja zimamveka zoposa apo, chifukwa mamilimita owonjezekawo ali pamalo pamene zala zilibe mphamvu.

Mupale iti? Imene mumatseka kale mosakayika, kasanu kapena kuposa, osati imene mukuilakalaka. Anthu ena amasokoneza apa, n'kupala gripper yowakanika poganiza kuti ifewa, pamene akungosunthira mapeto kutali.

Kachitidwe kake kamafuna kudekha basi. Kulungani sipuling'i ndi nsalu kuti tupa likaterereka lisaikande. Tsekani gripper, kapena wina akutsekereni, muone pamene zigwiriro zikukumana, n'kulembapo ndi peni. Chigwiriro chimene mwasankhacho chimangeni pa vayisi, koma pakati pa mano a vayisi ndi chigwiriro muikepo timatabwa kapena zidutswa za tayala, chifukwa mano achitsulo amaphwanya timizere tija timathandiza kuti dzanja lisaterereke. Palani mopendeketsa, kwambiri kunsonga n'kumachepetsa mukamakwera, kuti pogundana pakhale pathyathyathya. Aluminiyamu ndi wofewa, amatha msanga kuposa mmene mungaganizire, komanso amamatirira m'mano a tupa mpaka kuleka kudya. Amisiri amapaka choko cha kusukulu pa manowo asanayambe, tizidutswa n'kumagwa tokha. Mukapala pang'ono imani, masulani, yesani. Chimene mwachotsa sichibwereranso, choncho yambani ndi mamilimita awiri, patapita masabata angapo n'kuwonjezera ngati pakufunika.

Pomaliza kwechani m'mbali mwa pamene mwapalapo ndi sandipepa mpaka pasalale. Gripper yopalidwa imakonda kupana khungu la chikhatho pakati pa zigwiriro, ndipo ngati m'mbalimo muli mwakuthwa mutuluka thuza lamagazi loti masiku angapo simugwira chitsulo. Palani chigwiriro chimodzi chokha. Ena amapala zonse ziwiri mpaka kutsala theka, koma pamenepo sipuling'i ikupindidwa mopyola kwambiri pamene opanga anaikonzera, ndipo imatha kutaya mphamvu yake.

Kilampu

Njira yachiwiri imagwira mbali inayo ya ulendo. Mumatenga kilampu ija yomangira paipi ya radiator, yokhala ndi sikuluwu yomangitsira, imene simungaisowe kwa ogulitsa masipeyala a galimoto. Mumaizungulitsa pa miyendo iwiri ya sipuling'i, pamwamba penipeni pa zigwiriro, n'kumanga sikuluwu mpaka zigwiriro zitayandikana pamlingo umene mukufuna. Anzathu akunja amati choker. Pansi pake muyambe mwakulunga tepi yakuda ija ya magetsi, kuti chitsulo chisakhule waya.

Chofunika kumvetsa n'chakuti kilampu sifewetsa gripper. Mphamvu yofunika pa milimita yomaliza ndi yomwe ija, siinachepe ngakhale pang'ono. Chimene kilampu imachotsa ndi chiyambi cha ulendo, pamene dzanja limatayira mphamvu pokokera chigwiriro kuchokera kutali, komanso pamene chigwiriro chimakonda kuterereka n'kukhala molakwika m'chikhatho. Mumayamba zala zili kale pamalo abwino, mphamvu zonse n'kuthera pa kampata kovutako.

Ubwino wa sikuluwu ndi woti imakupatsani makwerero a masitepe ang'onoang'ono. Mangani mpaka mpata utatsala mamilimita 10. Mukayamba kutseka pamenepo mosavutikira, masulani pang'ono, ufike pa 13 kapena 15. Kenako pa 20, umene ndi mlingo wa kathabwa koyezera m'mipikisano yambiri ya mphamvu za manja, ndipo pamenepo zigwiriro zimakhala zitaima moyang'anana bwino. Kuchoka apo ulendo ndi wautali kukafika pa mlingo wa IronMind. Kuyambira 2004 kampaniyo imafuna kuti wofuna satifiketi yotsimikiza kuti watseka gripper ayambe kufinya zigwiriro zitatalikirana mokwana khadi la kubanki m'mimba mwake, omwe ndi mamilimita pafupifupi 54. Khadi la ATM limene lili m'thumba mwanulo ndi muyezo womwewo, ndiye palibe chogula.

Amene alibe kilampu amagwiritsa ntchito washala wamkulu kapena kachidutswa ka paipi kodulidwa ngati mphete: kutseka gripper ndi manja awiri, kuveka mpheteyo kuchokera pamwamba pa sipuling'i, n'kusiya kuti igwire miyendo. Zimatheka, kungoti mpata wake umakhala umodzimodzi, susinthika.

Makilampu otchipa kwambiri amadumpha mano kapena kuduka kumene. Pa gripper yolimba mangani awiri, ndipo pomanga musaweramirepo nkhope. Mukamaliza tsiku limenelo masulani, sipuling'i ipume. Chenjezo lina n'lakuti kilampu imanyenga. Munthu amatha miyezi akutseka No. 2 pa mamilimita 10 n'kumauza anzake kuti No. 2 anathana nayo, koma kuichotsa kilampu, dzanja silidziwa n'komwe kuikhazika. Kukhazika gripper m'chikhatho ndi luso palokha, ndipo limafuna kuliphunzira popanda chothandizira.

Paipi

Zigwiriro za magripper ambiri olimba ndi zonenepa mamilimita 19. Paipi yachitsulo ya madzi imene m'mahadiweya amati ya three-quarter imalowa bwino pamenepo, mukangokulunga tepi pang'ono kuti isagwedere. Kachidutswa ka masentimita 15 mpaka 20 n'kokwana.

Paipi ili ndi ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kufewetsa. Tiyerekeze kuti mphamvu ya zala zanu imagwera pa masentimita 9 kuchokera pakati pa sipuling'i. Mukatalikitsa zigwiriro zonse n'kutsitsa dzanja kuti igwere pa masentimita 11, mphamvu yofunika imatsika ndi 18 peresenti. Gripper imene inali yosatheka imasanduka yapakati, ndipo mukamakweza dzanja pang'onopang'ono mumabwerera ku kulimba kwake kwenikweni. Vuto lake n'lakuti kumunsiko mpata ndi waukulu, moti a manja ang'onoang'ono amafunika kuphatikiza ndi kilampu.

Yachiwiri ndi imene Kinney anatchuka nayo, yotchedwa negative. Mumaveka paipi pa chigwiriro chimodzi chokha, n'kugwira gripper mwa nthawi zonse. Dzanja linalo limakankha nsonga ya paipi mpaka zigwiriro zitagundana, kenako limasiya, ndipo dzanja lofinyalo limalimbana kuti gripper isatseguke. Idzatseguka ndithu, koma mukuichedwetsa. Minofu imatha kukaniza katundu wolemera kuposa amene ingathe kumunyamula, n'chifukwa chake njirayi imakulolani kulawa gripper yoposa msinkhu wanu. Imagwira ntchito, koma ndi imenenso yavulaza anthu ambiri. Ine ndinganene kuti amene sanathe chaka akufinya aisiye kaye, ndipo amene wayamba asapitirire sitepe imodzi pamwamba pa gripper imene amatseka.

Palinso ena amene amachotsa chigwiriro n'kulowetsa mwendo wa sipuling'i mkati kwambiri kuti mtunda uchepe, gripper ilimbe, kenako n'kumatanso ndi guluu wa epoxy. Pa pepala n'zoona, ndipo magripper ena amapangidwa dala ndi kasikuluwu kotero kuti chigwiriro chizisunthika. Koma pa amene anamatidwa kufakitale, kuchotsa chigwiriro kumafuna kutenthetsa, ndiye mwabwerera ku moto pafupi ndi sipuling'i. Sindingalimbikitse zimenezo pa chida chimene munachivutikira kupeza.

Malegeni ndi chingwe cha nsapato

Zotsika mtengo kuposa zonse ndi izi. Dulani malegeni a chubu cha njinga n'kukulunga mokoka kuzungulira zigwiriro zonse ziwiri, kumtunda kumene dzanja silifika. Malegeniwo amakokera zigwiriro pamodzi, ndiye amakuthandizani pang'ono. Thandizo lake limachuluka gripper ikakhala yotseguka ndipo limachepa ikamatsekeka, poti mphira umakhala ukukhwepa. Mukamalimba mumachepetsa mizere yokulunga.

Chingwe cha nsapato chimagwira ntchito mosiyana. Mangani chitsulo cha kilogalamu imodzi kapena ziwiri kunsonga ina, nsonga inayo muipanikize pakati pa zigwiriro za gripper imene mumatseka kale, n'kunyamula chitsulocho. Mukangofooka pang'ono chingwe chimapulumuka, chitsulo pansi. Apa palibe kunamizana: gripper imaoneka yotsekeka ngakhale dzanja litapuma theka, koma chingwe chimaulula. IronMind inatenga nzeru yofanana ndi imeneyi n'kuipanga mpikisano mu 2012, ndi kachitsulo kotchedwa Silver Bullet kamene amakapana pakati pa zigwiriro za No. 3, kumunsi kukulendewera makilogalamu 2.5, n'kumawerenga masekondi. Wopanda chingwe angapane ndalama yachitsulo; ikagwa, mwaluza. Ingosamalani zala za kumapazi.

Mafuta, choko ndi dzimbiri

Musanapale kalikonse, yambani mwaona ngati gripper yanuyo siikungofuna mafuta. Mizere ya sipuling'i imakhulana mukamafinya, ndipo ikachita dzimbiri imalira kwee n'kudya mphamvu zanu pachabe. Ndi chinyezi cha dzinja komanso chiperoni wa June ndi July, gripper yosiyidwa pakhonde sichedwa kufiira. Timadontho tiwiri kapena titatu ta mafuta a makina osokera pakati pa mizere, kufinya kangapo kuti alowe, n'kupukuta otsala, basi. Nthawi zina kampata kamene munthu wakhala akukadandaula kamatha pompo. Mafutawo asafike pa zigwiriro.

Timizere ta pa zigwiriro tikadzaza litsiro ndi thukuta, tsukani ndi mswachi wakale. Tikakhala takuthwa mosupula khungu, sandipepa pang'ono kumbali ya zala, koma kumbali ya chikhatho siyani, chifukwa chigwiriro chimenecho sichiyenera kusuntha. Choko chopaka m'manja cha onyamula zitsulo ndi magnesium carbonate. Cha pabolodi ndi mtundu wina, ndipo sichiumitsa thukuta mofanana.

Kanthu kena kosafuna chida chilichonse: yang'anitsitsani miyendo iwiri ya sipuling'i. Umodzi umatsika mowongokerapo kuposa unzake, ndipo akatswiri amautcha dogleg. M'dzanja lamanja, chigwiriro cha mwendo umenewo ambiri amachiika kumbali ya chikhatho. Sipuling'i zambiri zinapotedwa mokomera dzanja lamanja, moti gripper yomweyo imamveka yolimbirapo kumanzere. Amanzere asadzione ngati ofooka. IronMind inachita kutulutsa mtundu wina, Left-Turn, wopotedwa mobwerera.

Zapulasitiki zija sindichedwa nazo. Zimagwiritsa ntchito sipuling'i yokoka, osati yopotana, ndipo ena amachotsa n'kuikamo yolimba yochokera ku masipeyala. Chimathyoka ndi pulasitiki, pa kachitsulo kolumikizira. Zisiyeni mmene zilili, n'zabwino potenthetsa manja musanagwire yolimba.

Mkono umene ukufinyawo

Minofu ikuluikulu yopinda zala siili m'dzanja. Ili m'mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo imakoka zala kudzera m'mitsempha italiitali yolumikiza minofu ku mafupa. Minofu imalimba msanga, koma mitsemphayi imachedwa, poti magazi amayendamo ochepa. Njira zonse tafotokozazi zimachita chinthu chimodzi, kukulowetsani pa katundu amene simukanamufikira mwachibadwa, ndiye n'zosavuta kuti minofu ithamange n'kusiya mitsempha m'mbuyo. Zotsatira zake ndi kupweteka kwa mkati mwa chigongono, kapena kuwawa pa tsinde la chala chapakati ndi chotsatira chake, kumene kumatha miyezi.

Kufinya kolemera kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwana, kochepa koma kwamphamvu, ndi kupuma mphindi ziwiri kapena zitatu pakati. Chizolowezi chofinya tsiku lonse, mu minibasi, pa ofesi, poonera mpira, ndi cha zapulasitiki, osati cha gripper yopalidwa. Amene ntchito yawo ndi yamanja kale, ophwanya miyala, oumba zidina, okanda simenti, achepetsenso kuposa apo. Ndipo kamodzikamodzi vekani mphira kuzungulira nsonga za zala n'kumazitambasula, kuti minofu yotsegula dzanja isatsalire. Ululu ukapitirira masabata awiri mutapuma, kapena zala zikayamba kuchita dzanzi, kaonaneni ndi a physiotherapy, ku Queens kapena ku Kachere.

Pali kafukufuku amene ogulitsa magripper amakonda kumutchula. Anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2015, ndipo anayeza anthu pafupifupi 140,000 m'mayiko 17, kuphatikizapo South Africa ndi Zimbabwe. Anapeza kuti mphamvu ya dzanja ikatsika ndi makilogalamu 5, chiopsezo cha imfa pa nthawi ya kafukufukuyo chinkakwera ndi 16 peresenti. Izi n'zoona, koma dzanja pamenepo linali chizindikiro cha thanzi la thupi lonse. Kafukufukuyo sananene kuti kutseka No. 3 kumatalikitsa moyo.

Kuyeza ndi zigubu

Kusintha gripper osayeza ndi kungoyenda m'chimbulimbuli, ndipo nambala yolembedwa pa chigwiriro sikuthandizani. Kampani iliyonse imayeza mwa njira yake. Gripper yolembedwa 300 ya kampani ina ikhoza kufewa kuposa No. 3 yolembedwa 280. Pofuna kuthetsa mikangano yotere, Greg Amidon ndi Dave Morton a ku America anayambitsa muyezo wotchedwa RGC. Chigwiriro chimodzi amachigoneka n'kuchimanga kuti chisasunthe, pa nsonga yeniyeni ya chinacho n'kukoleka lamba wa inchi imodzi m'lifupi, kenako n'kumapachika zitsulo mpaka zigwiriro zitakhudzana. Poti amayezera kunsonga, kutali ndi sipuling'i, manambala ake amakhala otsika: No. 3 imagwera pafupi ndi mapaundi 150, omwe ndi makilogalamu 68, ndipo No. 2 imapitirira pang'ono mapaundi 100.

Izi n'zotheka pakhomo. Paipi ija ya three-quarter imangeni chogona pa vayisi kapena pa tebulo lolimba, nsonga yake ituluke kunja. Lowetsanimo chigwiriro chimodzi, chinacho chikhale pamwamba. Lamba wa chikwama chakale wa mamilimita 25 mumukoleke kunsonga kwa chigwiriro chapamwambacho, alendewere mbali zonse ziwiri, n'kumangirirako zigubu. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 20 chodzaza ndi makilogalamu 20 kuphatikiza kulemera kwa chigubucho. Pa gripper ya msinkhu wa No. 2 yambani ndi zigubu ziwiri zodzaza, chachitatu muzithiramo ndi botolo la lita imodzi, mnzanu atagwada pambali akuyang'ana kampata. Kapepala kolowetsedwa pakati pa zigwiriro kakayamba kukana kusololoka, werengani malita. Muyezo wanuwo sungafanane ndendende ndi wa akatswiri, koma ngati mukuyeza mofanana nthawi zonse, ukuuzani zimene mukufuna: tupa lawonjezera zingati, mafuta achotsa zingati, malegeni akuthandiza motani.

Gripper yatsopano muiyeze mutaitseka kambirimbiri kaye, chifukwa sipuling'i imakhazikika n'kufewerako pang'ono masiku oyamba. Ndipo ngati muli ndi ziwiri, imodzi ikhale yosapalidwa, yoti muziyesera ngati mukupitadi patsogolo. Satifiketi kapena mpikisano uliwonse umafuna gripper yosasinthidwa.

Mukayamba kuyeza mudzaona chinthu chimene chimadabwitsa ambiri: magripper awiri a kampani imodzi, nambala imodzi, amatha kusiyana ndi makilogalamu angapo, chifukwa cha kusiyana pang'ono kwa mpata wa zigwiriro ndi mmene mwendo wa sipuling'i unalowera. Ndiye ngati anyamata a ku Zingwangwa ali ndi No. 2 ndipo a ku Machinjiri ali ndi yawo, n'kutheka kuti imodzi ndi sitepe yopita ku inzake. Ziyezeni zonse pa zigubu zomwezo, lembani malita pa katepi n'kumata kunsi kwa chigwiriro, muzibwerekana malinga ndi nambala imeneyo.